Ufa wa a Siponji ndi nsapato zawo

Pa yunivesite ina panali katswiri wa mankhwala amene anzake adamutcha a Siponji. Zaka khumi ndi ziwiri adathera mu labu kupanga ufa woyera wa timabowo tosaoneka ndi maso. Utsi woipa ukadutsa mu ufawo uli wotentha, timabowoto tinkaugwira n'kuusandutsa mpweya wabwino. Nzeru zinalipo, tisawanamizire. Koma pakamwa, abale, panalibe chotsekera.

Lachisanu lina akuluakulu a yunivesite anali kubwera kudzaona ufawo, ndipo ukawakhutiritsa a Siponji akhala pulofesa. Poopa kuti wina angawabere, Lachinayi madzulo adanyamula botolo lonse kupita nalo kunyumba.

"Mayi, ufa uwu umameza fungo lililonse," adadzitama akuvula nsapato. "Lililonse!"

Akazi awo, amene adapirira mapazi amenewo chikwatirane, adangoti, "Zoona, bambo?"

Kutacha a Siponji adapeza botolo lili pululu, ufa wonse uli m'nsapato zawo zachikopa zija.

"Mwandipha!"

"Ndakuphani chiyani? Tanunkhizani. Lero ntchentche zasowa kolowera. Aka n'koyamba sukulu yanu kuthandiza m'nyumba muno."

Bambo adakhuthulira ufa m'botolo, nachotsamo ulusi wa sokosi, n'kuthamangira ku ntchito.

Mu labumo munali mayi wina wachikulire woyang'anira zipangizo, wodziwika kuti Mayi a Uvuni. Adalisuzumira botolo lija n'kukwinya nkhope.

"Achimwene, ufawu wagona kuti?"

"M'chikwama."

"Kaya. Lamulo mukulidziwa nokha. Ufa ukatuluka muno umayamba wakhala mu uvuni maola asanu ndi limodzi, kuti ulavule zimene wameza. Auzeni alendo abwere masana."

"Akuluakulu adikire ine? Ufawu ndidapanga ndine, mayi. Inu zanu ndi mabatani."

Mayi a Uvuni adangotembenuka. Adakatsekula zenera limodzi, nakokera mpando wawo pomwepo.

Alendo adafika asanu, atavala masuti, wamkulu wa yunivesite ali patsogolo. A Siponji adathira ufa m'chubu chagalasi, nayatsa moto pansi, nalumikiza paipi ya utsi.

"Mabwana, sendezani mphuno kuno kotulukira. Mukoke mpweya kwambiri, musaope. Umenewu ndi mpweya wa mawa!"

Mitu isanu idawerama. Ufa utamva kutentha udachita ntchito yake mokhulupirika: udabweza zonse zimene udasunga usiku uja.

Kalanga ine! Wamkulu uja adadzuka misozi ili chuchuchu. Wina adadziphimba ndi tayi. Mayi wina wolemba malipoti adafunsa mwaulemu ngati mu labumo mudafera khoswe.

"Ndi... ndi gawo loyamba chabe," adachita chibwibwi a Siponji, akukupiza ndi fayilo. Kukupizako kudangogawira aliyense.

Wamkulu uja, mphuno ili m'kampango, adayang'ana chubu, kenaka adatsitsa maso pang'onopang'ono mpaka pa nsapato za a Siponji.

"Dokotala, fungo ili ndikulidziwa. Timakhala moyandikana pa misonkhano."

Anthu adathithikana pakhomo pothawa. Za upulofesa adati adzaziona chaka chamawa, mphuno zikapola. Koma mbiri ya ufawo idafika patali kuposa mapepala onse amene a Siponji adalembapo: sabata isadathe, akazi a aphunzitsi anzawo anali kutumiza mauthenga ofunsa ngati ungapezeke wa nsapato.

Lachisanu lija, alendo atathawa, a Siponji adatsala chilili pakati pa labu, manyazi atawagwira, kufuna kulira. Mayi a Uvuni adanyamuka pa zenera paja, natenga botolo, nayatsa uvuni.

"Maola asanu ndi limodzi, achimwene. Nsapatozo muponyemonso."

Akuluakulu adanena kale: samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.