Gudumu Lodziyendera Lokha

Abale, panali munthu wina, mmisiri wokonza njinga, amene ganizo limodzi linamugwira ngati malungo. Ankafuna kupanga gudumu loti ukalikankha kamodzi lizingozungulira mpaka kalekale, popanda mafuta, popanda magetsi, popanda dzanja la munthu. Sanali woyamba ayi. Anzeru a m'mayiko ambiri anayesapo kale, onse n'kugwa nazo. Koma wodwala malungo amenewa sauzidwa.

Anamanga nsanja kuseri kwa nyumba, n'kukwezapo mgolo wa madzi. Madzi ankatsika m'paipi n'kugwera m'zitini zomangirira ku gudumu la njinga, gudumu n'kumazungulira. Gudumulo linkakoka tcheni cha tizitini tina, totunga madzi m'beseni pansi n'kukawabwezera mu mgolo. Madzi atsike, madzi akwere, nkhani yatha.

Linazunguliradi. Mmisiri anaseka tsiku limenelo, kuseka kumene mkazi wake Nankhoma anali atakuiwala, pakuti anthu anali atamunyoza mwamunayo mpaka kumutcha wamisala. Koma Nankhoma, akuyanika zovala pafupi, anaona chimene mwamuna sankafuna kuona. Madzi otsika anali ambiri, okwera ochepa. Beseni linkasefukira patsinde pa nthochi, mgolo n'kumaphwa. Chifundo chinamugwira. Mwamuna atalowa m'nyumba, iye anakwera makwerero n'kuthiramo ndowa imodzi.

Ndowa imodziyo inabala zinzake. Pochokera ku mjigo, iyi ya m'nyumba, iyi ya mu mgolo, m'mawa, masana ndi madzulo. Amuna inu, musandiyang'ane choncho. Ndani wa inu anawerengapo maulendo a mkazi wake ku mjigo? Mmisiri ankangoona gudumu likuyenda, nthochi ikubiriwira pakati pa chilimwe, iye osafunsa kanthu.

Tsono banjali linali ndi dimba kudambo, ndi pampu imodzi yoponda ndi mapazi. M'nkhokwe munali mutatha. Chimanga cha kudimba chinali chikumasula, nthawi imene chikangosowa madzi pang'ono chimafa chiimirire. Chimanga chimenecho ndicho chinali choti chiwaolotse njala, iwo ndi mwana wawo Tinenenji.

Tsiku lina mmisiri anabwera nayo pampu kunyumba, nkhope ili mwee, n'kunena kuti mawa aidula. Mapaipi ake ndi zitsulo zake apangira gudumu lalikulu lokathirira dimba lokha, zopondaponda zatha. Nankhoma anamupempha kuti adikire chimanga chikhwime. Anakana. Adikirirenji, umboni uli apo ukuzungulira? Mayiyo mtima unamuthawa. Kuulula kunali kumuvula mwamuna wake, kukhala chete kunali kumuika mwana pa njala. Ankadziwanso kuti mawu okha mwamunayo sangawamve, angoti nayenso walowa gulu la onyoza.

Kutacha, mmisiri anagoneka pampu pabwalo, natenga sowo yodulira zitsulo. Nankhoma sanapite ku mjigo. Anayala mphasa pafupi ndi nsanja, nakhala pansi, manja ali pamiyendo.

"Bambo a Tinenenji, ndikupempha chimodzi chokha. Khalani pano, muzindiyang'ana ine mpaka dzuwa lifike pamutu. Gudumu likakhala likuyendabe, dulani, wokugwirirani paipi ndikhala ine."

Mwamuna anaseka, nakhala, sowo ili m'manja. Gudumu linkayenda bwinobwino. Dzuwa linakwera, gudumu osafooka. Nankhoma anagwidwa mantha, chifukwa dzulo lake masana, asanamve za pampu, anali atadzaza mgolo mpaka pakamwa. Tsono chifundo chake chomwe ndicho chinkamutsutsa. Thukuta linatsika m'khosi, iye osapukuta. Mthunzi wa nsanja unafupika, unafupikabe, mpaka unalowa pansi pa nsanjayo. Mmisiri anayang'ana kumwamba, nati nthawi yakwana, mayi agwire paipi monga analonjezera. Nankhoma anagwira. Sowo inalira pachitsulo kamodzi, kawiri.

Pamenepo madzi ochokera mu mgolo anayamba kutsika modukizadukiza. Gudumu linazengereza, linabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuima.

Mmisiri anasiya sowo, nakwera makwerero. Mu mgolo munalibe kanthu, dzimbiri lokha. Potsika anaona chimene anali asanaonepo. Mitengo ya makwerero inali yosalala, yoperepeseka ndi mapazi, chonsecho iye chimangire nsanjayo sanakwerepo. Anayang'ana nthochi yobiriwira ija. Anayang'ana mapazi a mkazi wake.

"Nankhoma, ndiye kuti gudumu langa lija munali inu?"

"Ndinali ine, bambo. Ndatopa."

Manyazi anamugwira, mkwiyonso unamugwira, koma woti amukwiyire panalibe. Anakulunga mphira ya chubu pamene sowo inaluma, nasenza pampu paphewa, ulendo wa kudimba. Tsiku limenelo anaponda yekha mpaka dzuwa kulowa, Nankhoma ali chigonere pamphasa paja.

Abale anga, pansi pano palibe chimene chimayenda chokha. Pakhomo panu zikuyenda, pampingo pano zikuyenda, inu n'kumadziguguda pachifuwa kuti ndi nzeru zanu. Ayi ndithu! Alipo wina amene amakwera makwerero inu mukangotembenuka, ndipo ameneyo watopa. Nanunso othira ndowa mobisa, musadikire sowo ifike pa paipi, nenani msanga, pakuti madzi akatayika sawoleka. Mukafika kwanu lero, musanayambe kutama gudumu lanu, kwerani kaye mukasuzumire mu mgolo.