Nkhupakupa Yodzutsidwa M'mawa

Kalekale, chaka chomwe magetsi anafika kunkhalango, Chiuli anadya uchi wa njuchi za mumlambe osathyola chitseko. Ena amati anamaliza migolo zana. Kumeneko n'kukokomeza. Anangodya wokwanira kuti njuchi ziyambe kukamba zosamuka.

Njuchizo zinali ndi kompyuta yotsegula ndi kutseka zitseko za nkhokwe ya uchi. Kompyutayo inali ndi mwambo ngati wathu. Ikayatsidwa m'mawa, inkayamba yadzutsa a m'nyumba mwake. Wotchi, mwadzuka bwanji. Mlonda, mwadzuka bwanji. Aliyense wodzutsidwa ankayamba ntchito yake osafunsidwa kanthu.

Tsiku lina Chiuli anafika pakhomo.

"Odi, Mayi Njuchi. Ndingotchajako foni."

Mlendo sabwezedwa pakhomo. Analumikiza foniyo kukompyuta. M'chingwemo munadutsa kapulogalamu kake kotchedwa Nkhupakupa, n'kukakhala phee pakati pa odzutsidwa.

M'mawa mwake kompyuta inati ngwe! Wotchi, Mlonda, Nkhupakupa. Nkhupakupa inatsegula kachitseko ka kuseri. Chiuli analowetsa mutu, nyambi nyambi nyambi.

Njuchi zinaona kachitseko kali pululu, zinatseka.

"Zimitsani muyatsenso," anatero Mayi Njuchi.

Zinazimitsa, zinayatsa. Ngwe! Wotchi, Mlonda, Nkhupakupa. Kachitseko pululu. Zinasintha maloko a kumaso, zinamata ming'alu ndi phula. Kutacha, ngwe! Wotchi, Mlonda, Nkhupakupa.

"Muziyatsa molawirirako," anatero Chiuli akupukuta ndevu. "Dzulo munandichedwetsera kadzutsa."

Zinamuluma, koma mbola siilowa pachikopa cha chiuli. Uchi wa nyengo ya njala unali kutha.

"Mangani katundu, tisamuke," anatero Mayi Njuchi.

Pakhoma la nkhokweyo pankakhala Nalimata.

"Eni nyumba musamuke, wakuba atsale? Ine sindichoka, mayi. Mchira ndinatayapo kale, koma khoma langa ayi."

M'mawa Nalimata sanayang'ane chitseko. Anamamatira pambali pa kompyuta n'kutchera khutu kumalonje. Wotchi anamudziwa. Mlonda anamudziwa.

"Nanga iwe, ndiwe wa kwa yani?" anafunsa Nalimata atamva dzina lachitatu.

"Ndine mng'ono wawo wa a Wotchi," inatero Nkhupakupa mwaulemu.

"Kwathu ndinabadwa ndekha," anatero Wotchi.

Nalimata anapita kwa Mayi Njuchi.

"Mayi, kanthu aka sikachokera panja tsiku ndi tsiku. Kamagona muno. Timakadzutsa tokha, ndi moni womwe."

"Kachotsedwe pompano."

"Kalekeni kadzuke kamodzinso. Amalume a Chiuli aja sitinawatsanzike."

Madzulo amenewo njuchi zinasunthira uchi kuchipinda china. Kuseri kwa kachitseko zinapachika chitedze chouma, nyemba zija zoyabwa.

Ngwe! Wotchi, Mlonda, Nkhupakupa. Kachitseko pululu. Chiuli analowetsa mutu osayang'ana, poti anazolowera. Nyambi... Chitedze pamphuno, chitedze m'makutu, chitedze palilime. Anatuluka chafutambuyo, anadzikanda, kwe kwe kwe, anagubuduzika padothi, kwe kwe kwe.

"Amalume, mwadzuka bwanji?" anatero Nalimata ali pakhoma.

"Ndidzabweranso, kamtsikana kodukaduka mchira iwe."

"Mubwere ndithu. Koma wokutsegulirani wachotsedwa ntchito."

Tsiku lomwelo njuchi zinauza kompyuta kuti isamadzutsenso Nkhupakupa, kenako zinaizula ndi mutu womwe. Nalimata sanakhutire. Nkhupakupa imaikira mazira. Anafufuza ngodya zonse za kompyuta n'kupeza kena kobisala, kodikira kudzutsidwa pa tsiku la msika. Nakonso anakazula.

Kutacha, ngwe! Wotchi, Mlonda. Basi.

Chiuli anabweranso ndithu, mphuno ili yotupa. Anakhala kuseri kwa mlambe mpaka dzuwa linafika paliwombo. Kachitseko kanali chitsekere.

Nthano yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, ikupserera. Inu ana, ndi inu akulu omwe, moni ndi wabwino, koma muzidziwa amene mukumudzutsa m'nyumba mwanu.

Njuchi zikadali mumlambe muja, ndipo alendo satchajanso foni pakompyuta yawo.