Tinsalu ta pa Nyumba Yapakati

Panali mkazi wina, dzina lake Elube, amene ankakhala ndi bambo ake m'nyumba ya lendi ku Zingwangwa. Papulotipo panali nyumba zitatu, iliyonse ndi chimbudzi chake chogejemula, koma mapaipi onse ankathira m'thanki imodzi yapansi. Yawo inali nyumba yapakati.

Bambowo anali telala wodziwika, munthu amene sankatuluka pakhomo malaya asanasitidwe. Matenda atawapha ziwalo mbali imodzi, anayamba kudziipitsira pogona. Tsiku loyamba zitachitika analira, nagwira dzanja la mwana wawo.

"Mwananga, anthu asadziwe."

Elube anavomera. Koma mpopi wochapira unali wa onse, ndipo kudzala agalu ankafukula chilichonse n'kuchimwaza pabwalo. Choncho anayamba kugula tinsalu tonyowa tam'paketi, tija amapukutira makanda. Papaketipo analemba kuti tingatayidwe m'chimbudzi. Anayesa kamodzi. Kanazungulira n'kumira, mtima wake unakhala pansi.

Koma tishu akanyowa amasungunuka, pamene tinsalu timeneti timakhala momwemo. Tinkakodwa pamene paipi yakhota, kena pamwamba pa kanzake, n'kumakola tsitsi ndi mafuta, mpaka njira inatsekeka. Mvula itayamba, zonyansa zinabwerera n'kutulukira m'bafa ya aNasibeko, mayi wamasiye wa nyumba yakumunsi.

Eni puloti anabwera ndi pulambala. Chivindikiro cha paipi chimene anatsegula chinali pansi penipeni pa zenera la odwala. Anthu anasonkhana atatseka mphuno. Pulambala analowetsa waya, nakoka chinthu chachitali chopotana ngati chingwe chomangira ng'ombe.

"Aaa, koma abale! Khanda lake ndi lalikulu bwanji pano?" anatero akuseka. "Limeneli ndiye lili ndi ndevu!"

Ena anaseka nawo. Kenaka anayamba kuyang'anana, chifukwa papulotipo panalibe khanda.

"Ndani akutaya zimenezi?" anafunsa eni puloti mokweza. "Anene yekha ndisanalowe nyumba ndi nyumba."

Elube anaima pakhonde akumva zonse.

"Ndine, bambo," anatero aNasibeko. "Ukalambawu uli ndi zake. Musandifunse zambiri pagulu."

Anawakalipira kwa nthawi yaitali. Iwo anangowerama, chonsecho bafa yodzaza zonyansa inali yawo yomwe.

Anthu atabalalika, aNasibeko anagogoda kwa Elube. Ananyamula ndowa yokhala ndi chivindikiro ndi zitenje zakale zodula bwino.

"Ndinadwazikapo malemu amuna anga, mwanawe. Ndinazindikira kalekale. Ndimati ndidikire undiuze wekha." Anaika ndowayo pansi. "Zochapa uzibweretsa kuseri kwanga, kulibe maso. Togulato uzitaya muno, tizikakwirira."

Elube anagwira ndowayo ndi manja awiri.

Koma zenera lija linali lotsegula. Bambo ake anamva zonse, kuseka kuja ndi mawu a ndevu aja. Atalowa ndi phala, anawapeza atatembenuzira nkhope kukhoma.

"Ababa, palibe wadziwa. ANasibeko avomera kuti ndi iwo."

"Ndamva," anayankha motsitsa. "Mayi wa eni ake watukwanidwa chifukwa cha ine."

Kuyambira tsiku limenelo ankangolawa chakudya, ndipo madzi ankangonyowetsa milomo, kuti pasakhalenso chopukuta. Elube anawachonderera atagwada. ANasibeko nawo ankabwera kudzawanyengerera, akuwatchula kuti achimwene. Chimanga chisanakhwime m'minda, anthu anasonkhananso pabwalo lomwe lija, ulendo uno akuimba nyimbo za maliro a bambo aja.

Inu amene mukumva, m'chimbudzi muzilowa zotuluka m'thupi ndi tishu basi. Chimene chamira pogejemula sindiye kuti chasungunuka, ngakhale paketi italonjeza. Tinsalu totere tili ndi malo ake, m'ndowa yotseka kapena m'dzenje. Koma musamuweruze Elube, chifukwa anatseka paipi pofuna kuphimba thupi la kholo lake. Ndipo ngati mwazindikira kuti mnzanu wa khomo loyandikana akusenza yekha zimene sangathe kuzitchula, musadikire kuti akuuzeni. Anthu amanyazi sanena. Tengani ndowa yanu, mukagogode lero.