Mvuu, Nalimata ndi Fulashi ya Kumsika

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, nyama zinali ndi ofesi pansi pa mkuyu. Muli tonse kodi? Inu akumbuyo, chimanga mukazinga bwino, tamverani.

Mu ofesimo munali kompyuta imodzi, yosunga mayina a nyama zonse zolandira mbewu. Mvula inali pafupi, kugawa kunali mawa lake. Mayinawo akanatayika, chaka chimenecho sakanadzala aliyense. Woigwiritsa ntchito anali Nalimata, kathupi ngati chala changachi. Ndipo lamulo linali limodzi: pulogalamu yakunja isalowemo popanda chilolezo cha Kadzidzi, katswiri wa makinawo.

Tsiku limenelo Kadzidzi anali kumaliro. Masana dzuwa lili paliwombo, kunamveka di! di! di! Analowa Mvuu, bwana wa ofesiyo, chitseko n'kudandaula.

"Iwe, ika ichi mu kompyutamo," anatero, akuponya fulashi patebulo. "Wandigulitsa Nyani kumsika. Muli pulogalamu yochulukitsa. Dzina langa lidzaoneka kakhumi, matumba khumi!"

"Bwana, mlendo salowa m'nyumba asanaodire. Tidikire a Kadzidzi."

"Kadzidzi ndani? Chilolezo ndine!"

Phazi la Mvuu, psiti! pamchira wa Nalimata. Mantha anamugwira. Akaika, mayina apita. Akakana, phazi lisunthira pamutu.

"Ika!"

"Ndiika, bwana."

"Ika!"

"Ndikuika, bwana, ndikuika. Kungoti ndikuthokozeni kaye. Zoona matumba khumi onsewo mukupatsa ine?"

Mvuu makutu tcheru. "Wati chiyani?"

"Kodi Nyani sanakuuzeni? Zinthu zimenezi zili ngati mwanapiye. Amene wamuona koyamba, ndiye mayi wake. Kompyutayi ndimatsegula ndine, ndiye idzachulukitsa dzina langa. Komanso kwathu kuno, wobweretsa thobwa amayamba ndiye kulawa. Ikanayamba yalowa mu laputopu yanu, ikanadziwa mwini wake. Koma musavutike, ndiika muno."

"Bweretsa kuno, kambava iwe! Matumba anga ukadye iwe?"

Anasolola laputopu m'chikwama, fulashi ija tsekete. Phazi lili pamchira pomwepo. Nalimata mtima uli thi! thi! thi! poti zimene ananenazo anangopeka, samadziwa chimene chitulukemo.

Laputopu inayamba kulira, tswii! tswii! Zithunzi za Mvuu zonse, fwaa, zapita. Makalata a munda wake, fwaa, apita. Kunangotsala kalata imodzi, imene analembera Nyani: "Ndikapeza matumba khumi, mbewu za amasiye a Gwape tidzagawana."

Ndiye pulogalamu ija inachulukitsadi, ana inu! Kalata inapita kwa Njovu, kwa Njati, kwa mkazi wa Gwape, mpaka kwa Kadzidzi ali pamaliro. Nkhalango yonse mafoni ngli! ngli! ngli!

"Zimitsa! Zimitsa!" anakuwa Mvuu, thukuta kamukamu.

"Pepani bwana, makina a eni sindigwira popanda chilolezo."

Mvuu anadinikiza phazi ndi ukali wonse. Nalimata anangoti mchira dule, n'kuusiya pomwepo ukuvinavina, iye uyo kudenga. Panja fumbi linali kobo, Njati ali patsogolo, mkazi wamasiye wa Gwape ali pambuyo ndi ana ake atatu. Mvuu anatulukira pazenera, felemu ili m'khosi, mpaka mumtsinje phava!

Kadzidzi atafika anayang'ana kompyuta ya ofesi. Mayina onse analimo, lililonse kamodzi. Mawa lake mbewu zinagawidwa, ana a Gwape n'kusenza thumba lawo.

Mpaka lero Mvuu amangotulutsa maso ndi makutu pamadzi, kumvetsera ngati mafoni aja asiya kulira. Nalimata mchira unamera wina, ndipo sachoka pakhoma la ofesi, amayang'ana zimene mukulowetsa m'makina a eni.

Tsono inu a malume, amene mwayamba ntchito kutauni, mukatola kanthu kumsika, kafunseni kaye eni makina. Si tonse tili ndi mchira wosiya.

Yanga yathera pompa. Kaphuleni mbatata zija, fungo likuti zapserera.