Chakhola cha a Manijala

A Kadzamira, manijala watsopano wa banki ya pa boma, analamula kuti aliyense wosunga ndalama kumeneko azidulidwa K2,000 pamwezi. Mayi Nasibeko, amene ankasungako fizi ya mwana wawo, anapita kukadandaula.

"Mayi, n'chakhola chimenecho," anatero a Kadzamira, maso ali pa foni. "Wokusungira chiweto sumupatsa kanthu?"

Mayiwo anawomba m'manja n'kutuluka. Bwanayo sanawazindikire, chifukwa mbuzi zake zisanu anachita kutuma dalaivala kukazisungitsa m'khola la mayi omwewo.

Patatha miyezi itatu a Kadzamira anapita kukaona ziweto zawo. Anapeza ziwiri.

"Zitatu zili kuti?"

"Chakhola, bwana. Imodzi pamwezi."

"Misala imeneyo! Chakhola amatenga mbuzi ikaswa, kamwana kamodzi basi! Mukamachotsa makolo, ine nditsala ndi chiyani?"

"Zingwe, bwana. Mudzabwere kudzatenga miyezi iwiri ikatha." Mayi Nasibeko anagwada mwaulemu. "Koma pepani, ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndalama zanga zija zinaswa liti? Ana ake sindinawaonepo."

Amayi ena amene ankatonola chimanga pakhonde anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. A Kadzamira anatsegula pakamwa, koma imene inayankha ndi imodzi mwa mbuzi zosowa zija, kuseri kwa nyumba ya alongo awo a mayiwo.

M'mawa mwake mbuzi zonse zisanu zinali m'khola, zitakhuta. Dalaivala anafika, napereka moni, n'kusiya envulopu ya K6,000 pansi pa lichero.