Fungo la Nyama Pakhomo pa a Magombo

Mu lokeshoni ya ku Ndola, chaka chimene mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa, panalibe khomo lonunkhira ngati la a Hector Magombo. Dzuwa likangopendeka, fungo la nyama yokazinga ndi anyezi linkatuluka m'nyumba mwawo n'kuyenda mzere wonse, kulowa m'mphuno za anthu amene ndiwo zawo zinali nkhwani zosatendera. Agalu ankasiya eni ake n'kukagona pakhonde pa a Magombo. Amayi ankangomeza malovu, n'kumati akalaliki a ku Nyasaland amadziwa kudya.

Chimene sankadziwa n'chakuti m'nyumbamo munalibe nyama, ndipo a Magombo sanalinso kalaliki.

Ukalaliki anaugwiradi, pa kampani ina yaing'ono yogulitsa matabwa kumgodi. Mgodi utatseka, kampaniyo inatsekanso, mzungu wake n'kukwera sitima osatsazika. Amuna ambiri amene zinawaonekera zotere ankanena poyera, ena n'kumanga mitolo kubwerera kwawo. A Magombo ayi. Munthu wophunzira kumishoni, mkulu wa mpingo, wowerenga Mawu Lamulungu anthu onse ali chete, akaime pamzere n'kunena kuti ntchito yatha? Anaona kuti kuli bwino kufa. Vuto linali lakuti nyumba za mu lokeshoni zinali za anthu apantchito okhaokha. Nthawi ndi nthawi amesenjala ankayendera zitupa, ndipo munthu amene chitupa chake chinalibe sayini ya bwana ankauzidwa kuti atuluke. Choncho a Magombo anayenera kupeza ntchito amesenjalawo asanafike pamzere wawo, ndipo anafuna kuipeza popanda munthu kudziwa kuti akuifuna.

M'mawa uliwonse ankavala malaya oyera, tayi pakhosi, pensulo m'thumba, n'kulonjera anthu mwaulemu polowera kutauni. Kumeneko ankagogoda zitseko zakuseri za maofesi, atayamba acheuka kaye kuti aone ngati palibe wa mu lokeshoni. Akakanidwa konse, ankakakhala pansi pa mtengo kuseri kwa njanji mpaka nthawi yowerukira. Madzulo ankabwera akuyenda motopa, ndipo kutopako kunali koona.

Tsono mkazi wawo, Gwen, tisamuchotsere ulemu wake. Pa nkhani yosunga zinthu, mayi ameneyo anali katswiri. Masamba a tiyi ankawaphika, kuwayanika, kuwaphikanso, mpaka tiyiyo ankangokhala madzi otentha okumbukira tiyi. Kolala ya malaya ikatha ankaisula n'kuitembenuza, osaoneka ndi pamene padutsa singano. Miphika ankatsukira phulusa kuti sopo akhale wa malaya okha. Machesi sankawadziwa, chifukwa khala limodzi ankalikwirira m'phulusa n'kulidzutsa m'mawa. Bonongwe ankathyola kusanache, kutali, kumene sakanakumana ndi mnansi. Zinthu za m'bokosi lake la ukwati, nsalu ya patebulo, makapu amaluwa, ankazitulutsa chimodzichimodzi n'kukagulitsa kwa akazi a anthu a kunjanji amene sankamudziwa. Mayi wotere akanatha kudyetsa banja ndi mphepo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru zonsezi zinkathera pobisa njala, osati poithamangitsa. Ufa wa chinangwa umene mwana wawo Ruby akanamwera phala, wina unkapita kokhwimitsa kolala ya abambo.

Nanga fungo lija? Gwen ankapita kubutchala n'kupempha kachidutswa ka mafuta a ng'ombe, ati ka galu. Madzulo ankakaponya mumphika pamodzi ndi kachibenthu ka anyezi, n'kutsekula chitseko kuti mphepo igwire ntchito yake. Fungo likafika kumapeto kwa mzere, ankakavuula n'kukasungira mawa. Kenako ankatseka chitseko, banja n'kudya bonongwe wake mwakachetechete. Anthu ankaona ndithu kuti a Magombo akuonda, koma ankati ophunzira sanenepa, chakudya chimathera m'mutu.

Khomo loyandikana ndi lawo linali la a Stanislaus Sakala ndi mkazi wawo Leah, amake Samson, Akatolika a ku Fort Jameson. Amenewo manyazi anawasiya kwawo. Mchere ukatha, Leah ankaima pakhomo n'kukuwa kuti mzere wonse umve, ndipo mchere unkabwera. Akaphika maungu, mbale inkayenda khomo ndi khomo, n'kubwerera muli mtedza kapena tinsomba touma. Umu ndi mmene mzere wonse unkapulumukira chaka choipacho. Kwa a Magombo kokha mbaleyo inkadumpha, pakuti ndani angapereke dzungu kwa munthu wodya nyama tsiku ndi tsiku?

Mvula yoyamba itagwa, Leah anamupeza Gwen akuyanika malaya.

"Amake Ruby, kumtsinje wa Kafubu kuli malo. Tiyeni mukalimeko mizere ingapo. Mbewu nili nazo, nizakupatsani."

Gwen anafuna kuvomera, koma pakamwa panayankha zina. "Zikomo amake Samson. Kungoti abambo a kuno safuna kuti ndizigwira khasu. Akuti manja amakhakhala."

"Mwadala imwe," anatero Leah, akudziyang'ana zikhatho.

Posakhalitsa Leah analandira apongozi ake mwadzidzidzi, m'nyumba mulibe ndiwo zoti n'kupatsa mlendo. Fungo lija litayamba ulendo wake wa madzulo, anatenga kambale n'kukaodira.

"Odi mukwai! Amake Ruby, nipulumutseni. Apongozi afika. Kanthuli kamodzi chabe, na msuzi pang'ono."

Gwen anaima pakhomo motchinga mphika. "Pepani amake Samson, yangotha kumene."

Kumbuyo kwake mphika unali kulira kuti chwee. Leah anayang'ana Gwen, anayang'ana utsi, n'kubwerera ndi kambale kake. Pofika mawa lake mzere wonse unali utamva kuti mkazi wa kalaliki ndi wouma manja. Zimenezi zinamupweteka Gwen koposa njala, chifukwa kwawo ankadziwika kuti ndi wopatsa. Analira, ndipo atapukuta misozi anawauza amuna ake.

"Bambo a Ruby, bokosi lija lafika pansi. Tiuzeko munthu mmodzi yekha. A Sakala amadziwana ndi anthu ambiri."

"Kuuza munthu mmodzi mu lokeshoni n'kuuza Ndola yense," anatero a Magombo. "Pirira pang'ono, mayi. Pali ofesi ina andiuza kuti ndikabwerenso."

"Ofesi iliyonse imakuuzani kuti mukabwerenso."

"Ndiye kuti andiona kuti ndine munthu woyenera."

Loweruka lina masana amuna anasonkhana pansi pa mtengo pochita nsolo. A Magombo sankasewera, ankangoima chapambali, manja kumbuyo, n'kumapereka malangizo amene palibe anawapempha. A Sakala, amene anali kapitawo kwa Mgiriki wina wophika buledi m'tauni, anadzutsa mutu ali ndi miyala m'manja.

"A Magombo, mwachita bwino kubwera. Imwe mudziwa anthu a pensulo. Mgiriki wathu afuna munthu wolemba ufa wolowa na buledi wotuluka. Wakamba kuti nimubweretsere ine, safuna a mumsewu. Malipiro ni ochepa, koma buledi wophwanyika ni wa wolembayo, tsiku lililonse. Kunena zoona, mumtima ninaganiza imwe, koma ninati ningatukwane munthu wa ku ofesi na ntchito ya fumbi la ufa. Kapena mudziwako wina amene ali chabe?"

Ntchito imene a Magombo anaithera nsapato kutauni inali itawapeza yokha pansi pa mtengo, itanyamula ndi buledi yemwe. M'mimba mwawo munalira moti anachita kutsokomola kuti anthu asamve. Mawu anali awiri okha, akuti ndine pano. Koma atayang'ana anaona maso a amuna onse aja ali pa iwo, amuna amene ankawavulira zipewa m'mawa uliwonse. Anaganiza kuti angomutsatira Sakala payekha, mwina mawa potuluka m'tchalitchi, mwina mkuja, akapeza kanenedwe kabwino. Anakonza tayi.

"Ndiganizira, a Sakala. Mwina kumpingo kwathu kungapezeke mnyamata."

"Musavutike n'kuganiza, achimwene!"

Amene analankhulayo anali Edson, wa ku Nyasaland yemweyo, amene ankagwira ntchito kumgodi uja usanatseke. Anali chikhalire pa chitsa, buluku lake lili ndi zigamba zoposa nsalu yake yeniyeni.

"Ine pano. Sukulu ndinalekera panjira, koma kulemba ndimalemba, kuwerenga matumba ndimawerenga. Kunyumba kwanga makoswe anasamuka kalekale, akuti tikuwazunza. Mkazi wanga wanena kuti ndikabweranso chimanjamanja aphika chipewa changa. Nditengeni, a Sakala, ndisanadye chipewa."

Amuna onse anafa nacho chiseko, Edson n'kumaseka nawo. A Magombo nawonso anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

"Lolemba seveni koloko unipeze pa geti," anatero a Sakala, n'kubwerera ku nsolo yawo.

Nkhaniyi inafika kunyumba a Magombo asanafike, pakuti mkazi wa Edson anailengeza yekha pampopi. Gwen anawalandira amuna ake ataima pakati pa nyumba.

"Ndamva kuti mwakana buledi."

"Sindinakane. Ndinati ndiganizira."

"Chabwino. Ruby akalira njala ndizimuuza kuti abambo ako akuganizira."

Madzulo amenewo Gwen anakazingabe kamafuta kaja. Chizolowezi n'chovuta. Ndipo kuyambira sabata yotsatira, Edson ankadutsa pakhomo pawo poweruka, kathumba ka buledi wophwanyika kali paphewa, n'kuwavulira chipewa a Magombo mwaulemu wonse. Ankagawira ana a pamzere zidutswa, koma Ruby ankamudumpha, poopa kunyoza mwana wa kalaliki.

Amesenjala anafika mvula ili pafupi kutha. Anayamba kumapeto kwa mzere, khomo ndi khomo, anthu ataima panja ndi zitupa zawo. A Magombo anatuluka atavala tayi. Mesenjala wamkulu anatembenuza chitupacho uku ndi uku, n'kufunsa mokweza, monga amachitira anthu a ntchito imeneyo, kuti bwana amene anasayina komaliza ali kuti, popeza kampani yakeyo inatseka kale mvula isanayambe. A Magombo anayang'ana nsapato zawo. Anauzidwa kuti mwezi ukamatha nyumba ikhale yopanda munthu.

Woyamba kusuntha anali Leah. Analowa m'nyumba mwa a Magombo popanda odi, anagwedeza thumba la ufa, anasuzumira m'bokosi, kenako anavundukula mphika. Anatuluka atanyamula kanthu kakuda, kouma ngati chikopa cha nsapato.

"Amake Ruby, nyama ija ni iyi?"

Gwen anangogwedeza mutu.

"Iyi ndiye munanimana?"

Leah anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira khoma, koma kusekako kunathera m'misozi. Anamukumbatira Gwen uku akumukalipira. "Mwana kugona na njala, ine nili pano, khoma limodzi! Maungu kuolera m'nyumba mwanga! Munaniyesa nyama ya m'thengo ine?"

A Sakala ndiye anakwiya zenizeni. "A Magombo, ninakufunsani pamaso, pa anthu. Dzina lanu ninalitchula. Mukanangonitsinako diso chabe!"

"Ndinkafuna kukupezani panokha," anatero a Magombo motsitsa mawu.

"Panokha? Nikhala ku Ulaya ine? Mukatsokomola usiku nimamva!"

Anayesa ndithu a Sakala. Anakamudandaulira Mgiriki uja, koma malo anali amodzi, ndipo Edson ankagwira bwino ntchito yake. Kumuchotsa munthu amene anapempha poyera kuti alowe amene anakhala chete, ngakhale a Magombo eni ake anati sizingatheke. Amuna a pamzere anafunsa m'masitolo, kunjanji, ngakhale ku Kitwe, koma chaka chimenecho ntchito imodzi inkadikiridwa ndi anthu odzaza bwalo. Mwezi unatha. A mpingo anasonkha ya ulendo wobwerera ku Nyasaland.

Tsiku lonyamuka, mzere wonse unawaperekeza kusiteshoni, ndipo palibe anabwera chimanjamanja. Leah anabweretsa nkhuku yowotcha ndi maungu ophika. Wina mtedza, wina mbatata, wina tinsomba touma, wina chimanga chachiwisi cha ku Kafubu komwe kuja. Edson anafika thukuta lili kamukamu, atasenza buledi wathunthu, wosaphwanyika, wogula ndi ndalama zake. Katundu wa a Magombo yense anakwana m'bokosi limodzi, koma kamba wa paulendo anachita kuwathandiza kukweza anthu atatu.

Sitima itanyamuka, Ruby anali atayamba kale ntchafu ya nkhuku, mafuta ali m'masaya. Gwen anayang'ana mulu wa chakudyacho nthawi yaitali.

"Bambo a Ruby," anatero, "zonsezi zinali kuseri kwa khoma lathu."

A Magombo anali kuyang'ana pawindo, kumene lokeshoni inali kuchepa, ndipo misozi inali kutsikira pa kolala.

A Magombo sanali munthu waulesi, ndipo mkazi wawo sanali wosakaza. Anangoopa kusekedwa kwa tsiku limodzi, kumene Edson anakugula mosavuta n'kudyetsa nako banja lake. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene ankati mbewa ya manyazi inafera kuuna.