Thanki ya galasi ya a Zenera

Kuseri kwa lesitilanti ina yaing'ono imene ndinapumirapo pa ulendo wina kuli chipinda chimene amalimamo ndiwo zamasamba popanda dothi. Nditafunsa kumene amagula letesi wofewa chotero, mwini lesitilantiyo anaseka, nakoka mpando, nandiuza za bambo ake.

Bambowo anthu amawatchula a Zenera, chifukwa moyo wawo wonse ankadula ndi kuika magalasi. Mawondo atayamba kukana makwerero, anasamukira kwa mwana wawo wamkaziyo, n'kusanduka munthu wongodzuka, kudya ndi kuyang'ana msewu. Koma manja ozolowera ntchito akakhala chabe amayabwa. Tsiku lina, kwa mnzawo wakale, anaona ndiwo zikumera m'mapaipi oboola, mizu ikumwa madzi osungunuliramo feteleza, kapampu kakukoka madziwo m'thanki n'kuwabwezeramonso. Anabwera kunyumba akuyenda ngati mawondo awakhululukira.

"Mwanawe, undibwereke chipinda cha makireti chija."

"Nanga makiretiwo ndiwasenze pamutu, Ababa?"

"Akhale m'kanjira ka kukhitchini. Ine ndikupatsa ndiwo zoti makasitomala ako azinyambita mbale."

Mwanayo anayang'ana manja a bambo ake, amene anali kale kuyeza zinthu m'malere, ndipo analola. Koma anaikapo pangano: chipindacho n'chawo mpaka kukolola koyamba. Ndiwo zikakanika, makireti abwerera m'malo mwake, iwo abwerera pampando wawo wapakhomo.

A Zenera anaika mapaipi mowongoka ngati mafelemu, napachika nyale zowala pamwamba pake. Chinatsala ndi thanki yosungira madzi a feteleza aja. Apa m'pamene anatulukira mlamu wawo, mng'ono wa malemu mkazi wawo, mayi wogulitsa ndowa ndi migolo, amene pakamwa pake sipagwa ntchentche. Anabwera akugubuduza chimgolo chakuda chapulasitiki.

"Alamu, ndakupezerani mkazi wina. Ngwakuda, ngwonenepa, ndipo sayankha."

"Chimenecho chilowe m'chipinda changa? Anthu adzati ndikusungunula phula."

"Olima m'mapaipi amene amagula kwa ine amafuna wotere. Waukulu, wa chivindikiro, wosalowa kuwala, ndipo woti sunasungepo mafuta a galimoto kapena mankhwala. Umu munali madzi a zipatso okhaokha."

"Mlamu, ine ndakalamba ndikulowetsa kuwala m'nyumba za anthu. Lero ndiyambe kuitanitsa mdima?"

"Mizu si alendo, alamu, kuti muziyatsira nyale."

Koma mawu a mlamuyo anagwera pamwala. Iye anangogubuduzanso mgolo wake, nati akaufuna adziwa njira.

A Zenera anadula magalasi awo abwino amene anawasunga kuyambira kale, nawamata mwaluso, n'kupanga thanki yoti munthu ukaiona umameza malovu. Inali yaing'ono, pakuti galasi likakula limalemera. Anaikhazika patebulo pafupi ndi zenera, pansi pa nyale, ndipo sanaivindikire kuti thovu la pampu lizioneka. Makasitomala ankasiya chakudya chikuzizira n'kudzasuzumira. Bambowo ankaima pambali, manja kumbuyo, ngati mwini ukwati.

Mbande zinagwira bwino. Kenaka pagalasi panayamba kuoneka kobiriwira, ngati mpweya wa pakamwa pa kalilole. A Zenera anapukuta, poti kupukuta galasi ndiyo inali ntchito yawo. Kunabweranso, kokhuthala. Zinali ndere, ndipo ndere zikapeza kuwala ndi feteleza pamodzi zimachita phwando losaitanidwa. Madzi anasanduka obiriwira ngati a m'chithaphwi. Masana ankafunda ndi dzuwa la pazenera. Ndiwo zitakula n'kuyamba kumwa kwambiri, kathankiko kankaphwa msanga, madzi otsalawo n'kukhala okolera feteleza mpaka masamba kupsa m'mphepete. Timabowo ta m'mapaipi tinayamba kutsekeka.

Bambowo analoza chala paliponse. Anati pampu ndi yaulesi, naisintha. Anati wogulitsa mbewu ndi kamberembere. Anati wophika amatsegulatsegula chitseko. Thanki yokha sanaitchule, monga kholo silitchula mwana wake pamene mazira asowa.

Tsiku lina mwana wawo anaima pakhomo la chipindacho atagwira mphuno.

"Ababa, muno mukununkha dambo. Wophika wapunthwanso pa kireti, wataya mphika wonse wa supu."

"Ndipatse nthawi, mwanawe."

"Nthawi ndinakupatsani. Sindikuthamangitsani ayi, koma kanjira kaja katipweteketsa munthu."

Ananena mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunawalasa. Atachoka, a Zenera anazula letesi mmodzi m'paipi. Mizu imene inali yoyera ngati ndevu zawo inali yofiirira, yoterera, yoduka yokha m'zala. Anakhala pansi. M'maganizo mwawo anauona mpando wapakhomo uja ukuwadikira.

Poti adzuke, anatambasula dzanja kutenga epuloni yawo imene inkakhala yokolekedwa pa ngodya ya thankiyo. Ataichotsa anaima chilili. Pamene panali epuloni, galasi linali loyera mbee, ndipo ndere zinali zitazungulira malire ake mwaudongo, mpaka chingwe cha epuloniyo chinajambulika. Munthu amene wawerenga magalasi moyo wake wonse sanafunikire womasulira. Pamene kuwala sikunafike, ndere sizinamere.

Anavala chipewa napita kwa mlamu wawo.

"Alamu, mwasochera? Kuno timagulitsa mdima."

"Ndabwera kudzafunsira mbeta ija."

"Ija munainyoza pagulu ija? Anthu ena aifunsira kale."

"Mlamu, ndayenda ndi mawondo awa. Usandigwaditsenso."

Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango, kenaka anasuntha ndowa zimene zinali kutsogolo. Mgolo uja unali pomwepo. Sanaugulitse, anati ankadziwa kuti galasi silichedwa kuulula mwini wake.

Anaugubuduza awiriwiri, akunyozana njira yonse. Anautsuka, naukhazika pasimenti pa ngodya yozizira, kutali ndi zenera, nauvindikira, n'kungoboola poti mapaipi adutse. A Zenera anatsuka mapaipi onse, nataya ndiwo zimene zinafa, nadula mizu yowola ya zimene zinali ndi kamoyo. Mizere yambiri inapita. Mzere wa kukhoma unatsala, wofooka ngati wodwala wongotuluka m'chipatala.

Madzi a mumgolo anakhala ozizira ndi oyera, ndipo poti anali ambiri, sankasinthasintha mphamvu ndiwo zikamwa. Posakhalitsa timizu tatsopano toyera tinatuluka pamene anadula paja. Koma mtima wa wodula magalasi sukhala osaona kanthu. Anaika kachubu kagalasi m'mbali mwa mgolo koonera pamene madzi afika, nakasokera kathumba ka nsalu yakuda. Akafuna kuona, amakweza kansaluko, n'kukatsitsanso msanga ngati munthu wosuzumira mwana wogona. Akalilole amene anali nawo anawamata m'makoma kuti kuwala kwa nyale kuzibwerera pamasamba, kumene kumafunika.

Kukolola koyamba kunangodzaza beseni limodzi. A Zenera analiika patebulo la kukhitchini, chipewa chili m'manja. Mwana wawo anathyola tsamba, nalitafuna, nathyolanso lina.

"Beseni limodzi, Ababa?"

"Limodzi."

Mwanayo anatembenukira kwa wophika. "Mawa uitane kalipentala adzakhome mashelefu m'kanjiramu. Makireti akwere m'mwamba. Chipinda chija chili ndi mwini wake."

Thanki yagalasi ija ili m'chipinda chodyera tsopano, mukusambira tinsomba tofiira, ndipo ana amakanikiza mphuno zawo pagalasi lake. Bambowo ndinawapeza ali pakati pa mizere ya letesi ndi sipinachi yobiriwira mpaka kunyezimira. Mlendo wina anawapempha kuti atsegule mgolo aone chimene chimanenepetsa masamba chotero. Iwo anangogogoda chivindikirocho ndi chala.

"Masambawa yang'anani mmene mungafunire, achimwene. Koma umu mwalowa kuwala kokwanira kale."

Mlamu wawo, amene anali atabwera kudzatenga ndiwo zake zaulere monga achitira masiku onse, anati, "Mwawamva? Nsanje pa mkazi amene anamukana."

Kunyezimira kumaoneka ndi aliyense, koma kumene kumachokera kumafuna chivindikiro. Akuluakulu anaona kale zimenezi pamene anati bongololo sadzolera mafuta pagulu.